Pakati pa Chipatso ndi Mthunzi

Ku Bua dzuwa ndi mango zimafikira limodzi. Mwera ukaleka, nyanja n'kuchita bata, Okutobala amabwera ndi kutentha koti pofika 9 koloko mchenga sukhalanso wopondeka ndi phazi losavala. Chakumapeto kwa mwezi womwewo mitengo ya m'mbali mwa msewu wa M5 imayamba kugwetsa zipatso, amayi n'kundanda ndi mabeseni kudikira galimoto zochokera ku Dwangwa, ana n'kumayenda msuzi wa mango ukuyenderera mpaka m'zigongono. Nyengo imeneyi ndi imene ndimaganizira kwambiri za khungu la munthu, chifukwa chimene chimaliwononga ndi chimene amati chimaliteteza ndimaziona tsiku limodzi.

Masiku ano aliyense wamvapo za ma antioxidant. Amalembedwa pa mabotolo, amayenda pa WhatsApp, amatchulidwa ndi ogulitsa mankhwala m'maminibasi. Wina ndinamumva ndi makutu anga pa ulendo wopita pa boma. Anatembenukira kwa mayi amene anali atafukata mwana wachialubino, nati, "Amayi, mwanayu muzimupatsa awa. Khungu lake lilimba, dzuwa silimupwetekanso." Tisanafike patali, botolo lomwelo analitambasulira mtsikana wa pampando wakumbuyo: "Asisi, awa amayeretsa kuchokera m'kati, si zodzola ayi." Mayi uja anamasula mfundo ya pachitenje n'kuyamba kuwerenga ndalama. Mtima unandiwawa, chifukwa malonjezo awiriwa sangakhale m'botolo limodzi, ndipo amene anapatsidwa labodza kwambiri ndi amene anali ndi zambiri zoti ataye.

Mtundu wa khungu umapangidwa ndi maselo otchedwa melanocyte, amene amakhala m'munsi mwa khungu la pamwamba. Chiwerengero chawo n'chofanana pafupifupi mwa anthu onse, kaya Mchewa, Mmwenye, mzungu, ngakhale munthu wachialubino. Kusiyana kuli pa ntchito imene amagwira. Maselowa amatenga tyrosine, imene imachokera m'zakudya zomanga thupi monga nsomba, nyemba ndi mtedza, ndipo mothandizidwa ndi puloteni yotchedwa tyrosinase, imene imafuna kopa pang'ono kuti igwire ntchito, amaisandutsa melanin. Akaipanga saisunga okha. Amaigawira maselo oyandikana nawo, ndipo mmenemo melanin imakakhala pamwamba pa phata la selo, mbali yoyang'ana kudzuwa, kuphimba DNA. Ndikaganizira zimenezi ndimachita kakasi. Mlovi amene wakhala m'bwato tsiku lonse, msana uli pamtunda, thupi lake limakhala likumuphimba selo ndi selo, iye osadziwa.

Melanin ilipo ya mitundu iwiri. Yakuda kapena yoderapo, eumelanin, ndiyo imamwa kuwala koopsa kwa dzuwa. Ina ndi yofiirira kapena yachikasu, pheomelanin, ndipo chitetezo chake n'chofooka. Kuwala koopsako, kumene amati UV, sikuoneka ndipo si kutentha kumene timamva. Kumadutsa mitambo yopyapyala, kumakhalapo ngakhale mu Juni pamene mwera ukuzizira, ndipo kunyanja kuno mchenga ndi madzi zimakubwezeranso kumaso. Kwina kumamenya DNA mwachindunji. Kwina kumalowa mkati ndithu n'kudzutsa tizinthu taukali tochokera ku okosijeni, timene timawononga chilichonse chimene takhudza. Thupi limakonza zowonongekazo tsiku ndi tsiku, koma zaka zikachuluka zina zimatsala zosakonzedwa, ndipo khansa imayambira pamenepo.

Ma antioxidant ntchito yawo ndi kuziziritsa tizinthu taukali timeneti. Ambiri a iwo tili nawo pakhomo. Vitamini C ali m'malambe, magwafa, mandimu ndi mango. Beta-carotene ali m'mango akupsa, mapapaya, maungu, mbatata yofiira mkati ngati Zondeni ndi Kadyaubwerere, komanso m'masamba monga chigwada, nkhwani ndi bonongwe. Vitamini E ali mu mtedza, lycopene mu matimati, selenium mu nsomba. Wina wotchedwa glutathione thupi limadzipangira lokha. Kufika apa wogulitsa uja akuoneka ngati akunena zoona.

Koma aliyense amene amaphika amadziwa chinthu china. Mukadula biringanya kapena nthochi yaiwisi n'kuisiya pambale, imada. Mukafinyirapo ndimu, imakhalabe yoyera. Chimene chimadetsa biringanyayo ndi puloteni ya banja limodzi ndi tyrosinase wa m'khungu lathu, ndipo kuda kwakeko kumachitika pamene yakumana ndi okosijeni. Kupanga melanin nako kumayenda njira yomweyo. Choncho antioxidant, ikakhala kuti yakhudza mtundu wa khungu, imachedwetsa kupanga melanin, siiwonjezera. Vitamini C amachita zimenezi pang'ono. Glutathione amachitanso, ndipo amakankhira maselo kuti azipanga pheomelanin m'malo mwa eumelanin. N'chifukwa chake amagulitsidwa ngati mankhwala oyeretsa khungu, m'mapiritsi, mu sopo, ngakhale m'majakisoni ndi m'madiripi. Ku Philippines, kumene majakisoniwa anafala kwambiri, bungwe la boma loona za mankhwala lachenjeza anthu kangapo za kuopsa kwawo pa impso, chiwindi ndi khungu lomwe. Kuyera kwake, kukachitika, kumakhala kochepa ndipo kumatha munthu akasiya.

Pheomelanin ili ndi mbiri imene imandidetsa nkhawa. Mu 2012 gulu la David Fisher ku Boston linapeza kuti mbewa za ubweya wofiira, zimene zinali kale ndi vuto m'majini loyambitsa khansa, zinkadwala khansa yapakhungu yotchedwa melanoma kwambiri kuposa zakuda ngakhale osaziwalitsa ndi UV n'komwe. Utoto wofiirawo pawokha unkawononga maselo. Mbewa si munthu, ndipo sikoyenera kuopseza anthu ndi zimene zinachitika mu labotale. Komabe mtsikana amene akulipira ndalama kuti thupi lake lisiye utoto wolimba n'kuyamba wofooka, pansi pa dzuwa la ku Nkhotakota, ayenera kuuzidwa zimene akugula. Mafuta ambiri oyeretsa a pamsika ndi oipa kuposa pamenepa, chifukwa mumakhala hydroquinone, mercury kapena ma steroid amphamvu, amene amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kumaonekera, kenako masaya n'kuda mawangamawanga osachokanso. Dziko la South Africa linaletsa hydroquinone m'zodzoladzola kale mu 1990 litaona nkhope zambiri zitawonongeka. Mtsikanayo sindimuweruza. Ndife amene timayamikira mkwatibwi kuti "ndi woyera bwino," ndife amene timanyamula khanda n'kuyang'ana m'makutu kuti tione ngati lidzade. Iye anangomva zimene tinkanena.

Maganizo anga amakhalitsa kwa mayi uja. Mwana wachialubino amabadwa makolo onse awiri akakhala kuti ali ndi jini yake, ngakhale iwo eni ali akuda bii. Kuno kwathu mtundu wofala kwambiri ndi umene madokotala amati OCA2. Maselo opanga utoto alipo, koma njira yake inaduka, moti melanin imapangidwa yochepa kwambiri. Palibe chipatso, tsamba kapena piritsi limene lingalumikize njirayo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi, chiwerengero chimene chinadabwitsa ambiri chifukwa kale anthu ankangoyerekeza kuti ndi pakati pa 7,000 ndi 10,000. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 dziko lonse lapansi linamva za kubedwa ndi kuphedwa kwawo, ndipo mu 2016 Ikponwosa Ero, katswiri wa United Nations amene nayenso ndi wachialubino, anabwera kudzaona yekha. Zoopsa zimenezo n'zoona ndipo sitiyenera kuziiwala. Koma dzuwa limapha ambiri kuposa zigawenga, ndipo limapha popanda wolemba m'nyuzi. Limayamba ndi milomo yosweka ndi khosi lofiira mwana ali wamng'ono, n'kudzatha ndi chilonda cha pakhutu kapena patsaya chimene sichipola, munthu ali pa msinkhu wolera ana ake.

Funso la mayi wotere, lakuti kodi chakudya kapena mavitamini angateteze mwana wake, akatswiri analifunsanso, ndipo anathera zaka akufuna yankho. M'tauni ya Nambour ku Queensland, Australia, kumene dzuwa limaswa mtengo ndipo anthu ambiri ndi a khungu loyera, akuluakulu 1,621 anagawidwa m'magulu kuyambira 1992 mpaka 1996. Ena ankamwa beta-carotene tsiku lililonse, ena ankadzola mafuta oteteza ku dzuwa tsiku lililonse, ena zonse ziwiri. Mapiritsiwo sanasinthe kanthu. Mafutawo anachepetsa zotupa za khansa ya squamous cell ndi pafupifupi 40 pa 100 zilizonse, ndipo imeneyi ndi khansa yomwe imasautsa kwambiri anthu achialubino kuno. Patapita zaka khumi kafukufuku atatha, melanoma mwa odzola tsiku ndi tsiku aja inali theka la ya anzawo.

Ku America anayesa selenium pa anthu 1,312 amene anadwalapo kale khansa yapakhungu. Sinawateteze, ndipo atawatsatira kwa nthawi yaitali anapeza mu 2003 kuti squamous cell inakwerako mwa amene ankamwa. Ku France anthu oposa 13,000 anapatsidwa kapisozi wa vitamini C, vitamini E, beta-carotene, selenium ndi zinki kapena wopanda kanthu kwa zaka zoposa zisanu ndi ziwiri, ndipo zotsatira za 2007 zinaonetsa kuti amayi amene ankamwa mavitaminiwo anadwala khansa yapakhungu kuposa anzawo. Ku Gothenburg mu 2015 mbewa za melanoma zitapatsidwa antioxidant, khansayo inafalikira mofulumira. Chifukwa chake n'chomveka munthu akachiganizira modekha: tizinthu taukali tija timavutitsanso maselo a khansa, ndipo chimene chimatiziziritsa sichisankha selo loti chilithandize.

Pali vitamini mmodzi amene anaonetsako chiyembekezo. Ku Sydney mu 2015, anthu 386 amene ankadwaladwala khansa yapakhungu anayesedwa ndi nicotinamide, mtundu wina wa vitamini B3, mamiligalamu 500 kawiri pa tsiku, ndipo khansa zatsopano zinachepa ndi 23 pa 100 m'chaka chimodzi. Atasiya kumwa, phindu linatha. Atayesanso pa anthu oikidwa ziwalo za ena, zotsatira za 2023 sizinaonetse phindu. Vitaminiyu amathandiza maselo kupeza mphamvu zokonzera DNA, ndipo ngati wina angamumwe pa cholinga chimenechi, zikhale zokambirana ndi dokotala amene wamuona khungu.

Vitamini B3 yemweyu ali ndi mbiri yake m'dziko lathu, ndipo ndiyo imandiletsa kunena kuti chakudya chilibe ntchito pa khungu. Mu 1990, m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique m'chigawo cha kummwera, anthu pafupifupi 18,000 anadwala pellagra m'miyezi yowerengeka. Chimene chinachitika n'chakuti mtedza unasowa pa chakudya chimene ankalandira, anthu n'kutsala ndi ufa wa chimanga wokhawokha, umene vitamini B3 wake, niacin, thupi limalephera kumutenga. Matendawa amalemba pakhungu malo enieni amene dzuwa limafika: mkombero wakuda wosweka kuzungulira khosi, kuseri kwa manja, pamwamba pa mapazi, pamene pansi pa malaya pali bwinobwino. Kenako kutsegula m'mimba, kenako kusokonezeka mutu. Anaonekanso ku Dowa mu 2015 ndi 2016 zokolola zitavuta. Odwalawo anali anthu akuda ngati ine, melanin yawo ili yonse, koma njala inawavula pamaso pa dzuwa. Atapatsidwa vitaminiyo ndi chakudya chabwino, khungu linapola.

Apa ndi pamene ndimaona kuti nkhaniyi ili pawiri. Thupi likasowa chinthu, kulipatsa kumachiritsa. Likakhala kuti lili nacho chokwanira, kuwonjezera sikulipatsa chitetezo china, ndipo nthawi zina kumalipweteka. Amalawi ambiri ali mbali yoyambayo. Kafukufuku wa Allan Chilimba ndi anzake anaonetsa kuti chimanga cha m'madera ambiri a dziko lino chili ndi selenium wochepa chifukwa cha nthaka, ndipo kafukufuku wotsatira anapeza kuti anthu ambiri alidi naye wochepa m'magazi. Ife a m'mbali mwa nyanja timapulumukirako ku nsomba. Kondowole payekha alibe zambiri zomanga thupi, koma akakumana ndi usipa ndi chigwada chotendera, mbale imakhala yakwana. N'chifukwa chake ndimadandaula ndikaona usipa wonse ukukwezedwa pa galimoto za ku Lilongwe, ana a msodzi n'kudyera mchere, kapena ndikamva akuluakulu akusimba mmene mpasa zinkadzazira mu Bua nthawi yoswana, pamene lero mpasa ndi ndiwo ya munthu wa ndalama. Mwana wachialubino amafunika kudya bwino ngati mwana wina aliyense, kuti zilonda zizipola msanga ndi thupi lizitha kudzikonza. Ku Germany anapezadi mu 2001 kuti anthu amene ankadya magalamu 40 a phala la matimati tsiku lililonse kwa milungu khumi ankafiira pang'ono akawalitsidwa ndi UV kusiyana ndi anzawo. Koma chitetezo chimenecho n'chaching'ono kwambiri tikachiika pambali pa malaya a manja aatali kapena mafuta oteteza ku dzuwa a SPF 50. Mtengo wa mango umateteza mwana ameneyu kwambiri akakhala pansi pake kusiyana ndi akadya zipatso zake.

Ndipo mthunzi ndiwo wovuta kuupeza, chifukwa moyo wa kuno ndi wa padzuwa. Kuwokera mpunga mu sikimu kumafuna munthu awerame khosi lili pamtetete, madzi akumuwalira kumaso. Kupirikitsa mbalame mpunga ukamacha ndi ntchito ya ana, ndipo imatenga tsiku lonse. Kuyanika usipa pa thandala kumachitika nthawi yeniyeni imene dzuwa lakwiya. Kuuza banja losauka kuti mwana asamakhale padzuwa kuyambira chakum'mawa mpaka chakumadzulo ndi kuliuza kuti lichotse dzanja limodzi kumunda. Botolo la mapiritsi limakopa chifukwa limalonjeza kuti palibe chimene chisinthe: mwana amwe, apite kudimba monga mwa masiku onse. Chimene chimatetezadi chimafuna kuti abale agawane ntchito mwa mtundu wina, kuti uyu apite kumunda m'bandakucha n'kuweruka dzuwa lisanakwere, asoke ukonde pansi pa mtengo, agulitse mu okala, aphunzire kusoka pa makina pakhonde.

Pali chinthu china chimene anthu sachiona ngati nkhani ya khansa. Melanin imafunikanso pa kakulidwe ka maso, moti pafupifupi mwana aliyense wachialubino saona bwino patali. M'kalasi ya ana ochuluka, akamukhazika kumbuyo, saona zimene zalembedwa pa bolodi. Amalephera mayeso, amabwereza, anzake amamuseka, mapeto ake amasiya sukulu. Akasiya sukulu, ntchito imene yatsala ndi ya khasu ndi ya kunyanja. Njira yochoka pa desiki lakumbuyo kukafika pa chilonda cha pakhutu ndi yowongoka kwambiri. Mphunzitsi amene wamukhazika mwanayo kutsogolo, kumulembera zilembo zazikulu, kumulola kuvala chipewa chachikulu ndi yunifolomu ya manja aatali, ndi kusamuimika pamzere wa padzuwa, wachita zambiri kuposa mavitamini onse a m'sitolo. Boma lathu lomweli la Nkhotakota ndilo linatumiza ku Nyumba ya Malamulo munthu woyamba wachialubino kusankhidwa ngati phungu m'Malawi, a Overstone Kondowe, amene anapambana chisankho chapadera cha dera la Nkhotakota North East mu Okutobala 2021 atatsogolerapo bungwe la anthu achialubino la APAM. Ana amene akukula pano ali ndi munthu womuloza, wa kwawo konkuno, amene sukulu inamufikitsa kutali.

Mafuta oteteza ku dzuwa nawo ali ndi ulendo wawo. Ku Moshi, Tanzania, anayamba kupanga awoawo otchedwa KiliSun mu 2012, ndipo kuno kwathu bungwe la Beyond Suncare linabweretsa Umozi Max. Mu 2025 bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linaika mafutawa pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri, zimene zimapatsa mphamvu amene akhala akunena kuti awa si mafuta odzikongoletsera. Koma APAM yakhala ikudandaula kawirikawiri kuti m'zipatala zing'onozing'ono za kumidzi mafutawa amatha, ndipo a m'sitolo mtengo wake mlimi wa mpunga sangaufike. Akapezeka, amafuna kudzola mokwanira ndi kubwereza thukuta likawachotsa, osaiwala makutu, milomo ndi kuseri kwa khosi.

Ife akuda tisadzinamize kuti nkhaniyi si yathu. Melanoma ikatigwira, kawirikawiri imabwera kumene dzuwa silifika: pansi pa phazi, m'chikhatho, pansi pa chikhadabo. Bob Marley anamwalira nayo mu 1981 ali ndi zaka 36, itayambira pa chala cha kuphazi. Zipsera zakale za moto ndi zilonda za pamwendo zimene zakhala zaka osapola zimathanso kusanduka khansa. Mawanga akuda a Kaposi sarcoma, amene Amalawi tawaona kwambiri kuyambira pamene HIV inafika, amayamba ndi kachilombo ndi kufooka kwa chitetezo cha m'thupi, ndipo chithandizo chake chimayambira pa ma ARV. Palibe mwa zimenezi chimene chimamva malambe.

Kwa munthu wachialubino, khansa isanakhale khansa imayamba ngati kamalo kokhakhala, kouma, kamene kamafundula n'kubwereranso pomwepo. Nthawi zambiri chala chimakamva diso lisanakaone. Pa msinkhu umenewo wachipatala amangokawumitsa ndi nayitirojeni wozizira kwambiri, ntchito ya mphindi zochepa, monga amachitira m'makiliniki amene bungwe la Standing Voice limayendetsa mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo. Kakasiyidwa, kamakula, kamatuluka magazi, kamadya khutu, ndipo pamenepo pamafunika opaleshoni ndi maulendo a ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene mabanja ambiri sangawakwanitse. Vuto n'lakuti malo amene kamayambira, kuseri kwa khosi, pamwamba pa khutu, pakati pa mapewa, mwiniwake sangawaone, makamaka munthu amene maso ake ndi ofooka kale. Pafunika wina pakhomo, mayi, mwamuna, mkazi kapena mlongo, amene kamodzi pamwezi azimukhazika pansi pamalo powala, kumuvula chipewa, n'kuyendetsa chala pang'onopang'ono m'makutu, m'khosi, m'milomo ndi m'mikono. Akapeza pokhakhala pamene sipanalipo, kapena kachilonda kamene katha milungu ingapo osapola, apite naye kuchipatala sabata yomweyo.